Huta Ikalira Maulendo 7

Pa sitima zikuluzikulu zonyamula alendo okasangalala panyanja palibe wantchito amene ali ndi ntchito imodzi. Wophika ali nayo yachiwiri, wometa tsitsi ali nayo, ngakhale woimba gitala m'holo usiku ali nayo. Ine ndinalembedwa kuti ndiziyala mabedi ndi kusamalira zipinda za alendo, ndipo malipiro anga amachokera pamenepo. Koma nditangokwera sitima ku Durban, asanandionetse n'komwe kosungira mashiti ndi matawulo, anandipatsa kakhadi kokhala ndi nambala yanga ya pangozi. Nambala imeneyo ili pa mndandanda wopachikidwa m'makonde a antchito, kuchipinda cha injini ndi kumene amayendetsera sitima, ndipo imanena malo oti ndikaime ndi chochita huta ikalira. Ndinayambira pa masitepe, kulozera anthu njira. Pano ndimaima pamalo osonkhanira alendo, omwe pa sitima timangoti muster station, ndipo ntchito yanga ndi kuwerenga anthu ndi kuwaphunzitsa kuvala jekete yopulumukira.

Chizindikiro cha ngozi n'chimodzi pa nyanja zonse: huta imalira mwachidule maulendo 7, kenako kamodzi motalika. Alendo ambiri amaganiza kuti akamva zimenezi ndiye kuti sitima ikumira, azithamangira kumaboti. Ayi ndithu. Kulirako kumangotanthauza kuti aliyense apite kumalo ake osonkhanira, atavala zovala zofunda, atatenga mankhwala ake ngati ali pa mankhwala. Lamulo loti anthu atuluke m'sitima limachokera pakamwa pa kaputeni yekha, kudzera pa zokuzira mawu. Nthawi zambiri silibwera n'komwe, chifukwa sitima yovulala imasungabe anthu bwino kuposa kaboti pa mafunde. Mu March 2019, injini za sitima ya Viking Sky zitazima pa namondwe kugombe la Norway, maboti sanatsitsidwe. Mwa anthu 1,373, okwana 479 ananyamulidwa pa helikopita, otsalawo anafika padoko la Molde ali m'sitima momwemo.

Malamulo amene timatsatira ali m'pangano la mayiko lotchedwa SOLAS. Linayamba mu 1914, patapita zaka ziwiri Titanic itamira ili ndi maboti 20 okha, okwana anthu 1,178, pamene inanyamula anthu oposa 2,200. Limene tikugwiritsa ntchito lero ndi la 1974, ndipo bungwe loona za panyanja la IMO ku London limalikonzanso nthawi ndi nthawi. Panganoli limati anthu akasonkhana n'kuvala majekete, maboti onse atsike ali odzaza pasanathe mphindi 30 kaputeni atalamula. Boti la masiku onse limatenga anthu mpaka 150. Tangoganizani kulowetsa anthu 150 pakhomo laling'ono, wina ndi agogo a ndodo, wina wanyamula khanda, wina akulira kuti mwamuna wake sakuoneka. N'chifukwa chake ife antchito timayeserera mlungu uliwonse sitima ikaima padoko, alendo atapita kokayenda, ndipo boti lililonse limayenera kutsitsidwa n'kuyendetsedwa pamadzi kamodzi pa miyezi itatu.

Za alendo n'zimene zimandigwira mtima. Kale lamulo linkalola kuti ayeserere nthawi ina iliyonse pasanathe maola 24 atakwera. Pa 13 January 2012, sitima ya Costa Concordia inanyamuka ku Civitavecchia madzulo ili ndi anthu oposa 4,200. Oposa 600 anali atangokwera kumene, ndipo kuyeserera kwawo kunali kwa mawa lake. Usiku womwewo, cha m'ma 9:45, sitimayo inagunda thanthwe pafupi ndi chilumba cha Giglio. Alendo anauzidwa kuti ndi vuto la magetsi, ena anauzidwa kuti abwerere kuzipinda, ndipo lamulo lotuluka linabwera patadutsa ola lathunthu ndi mphindi zingapo, sitima itapendekeka kale moti maboti ena anakanika kutsika. Anafa anthu 32. Kaputeni wake, Francesco Schettino, anagamulidwa zaka 16 kundende. Kuyambira pa 1 January 2015 lamulo likuti alendo ayeserere sitima isananyamuke, kapena ikangochoka padoko. Ndikaona mlendo akukwinya nkhope kuti ndamuchotsa pa chakudya, ndimakumbukira anthu 600 aja amene ankafunafuna njira mumdima, m'makonde omwe anali asanayendemo.

Pakuti chimene timaphunzitsa kwenikweni ndi njira. Sitima yotere ili ndi nsanja zoposa 10, makonde ake ndi ofanana, makapeti ofanana, zitseko zofanana. Kuseri kwa chitseko cha chipinda chilichonse kuli mapu oonetsa njira ziwiri zopita kumalo osonkhanira, koma mapu sathandiza munthu amene mtima uli m'mwamba. Njira ya kudimba munthu amaidziwa ndi mapazi, n'chifukwa chake amafikako ngakhale usiku wopanda mwezi, ndipo ndimafuna kuti mlendo aidziwe njira yake chimodzimodzi. Ndimawauza kuti achoke kuchipinda wapansi, osakwera chikepe, chifukwa pangozi zikepe zimazimitsidwa. Awerenge zitseko kuchokera pa chawo kukafika pa masitepe. Aone timagetsi tobiriwira tomwe tili m'munsi mwa khoma, pafupi ndi pansi, chifukwa utsi ukadzaza m'khonde munthu amakwawa ndipo zikwangwani za m'mwamba sazionanso. Adziwenso kuti zitseko zolemera zotchinga moto, zimene masiku onse zimakhala zotsegula mwakuti sazizindikira, tsikulo zidzakhala zotseka, ndipo khonde limene amalidziwa lidzaoneka lachilendo. Chitsekocho chimatseguka, munthu angokankha ndi mphamvu.

Jekete ndimaionetsa pang'onopang'ono, kawiri. Kulowetsa mutu, kuzunguliza lamba m'chiuno, kumanga, kenako kukoka mpaka ithine. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Jekete yokhwepa imakwera m'mwamba munthu akagwera m'madzi, imamumenya kuchibwano, mwinanso kuvuka. Ili ndi wezulo woitanira thandizo ndi kagetsi kamene kamayaka kokha kakakhudza madzi. Poyenda nayo m'masitepe munthu asakhwekhwereze malamba, wina angaponde n'kugwetsa mzere wonse. Ana ali ndi majekete awo, makanda alinso ndi awo. Za kudumphira m'madzi ndimanena mwachidule, kuti ndi zomaliza zinthu zonse zikakanika: dzanja limodzi pamphuno ndi pakamwa, linalo kupanikiza jekete pachifuwa, maso kutsogolo, miyendo pamodzi.

Kuwerenga ndiye mtima wa ntchito yanga. Mlendo aliyense ali ndi khadi lotsegulira chipinda, ndipo pakhadipo pali chilembo cha malo ake osonkhanira. Akafika ndimadutsitsa khadilo pa kamakina, dzina lake limaoneka kwa akuluakulu kuti wafika. Ndimasunganso mndandanda wa papepala ndi pensulo, poti magetsi ndi makina n'zoyamba kufa sitima ikalowa madzi. Nthawi yomweyo anzanga oyang'anira zipinda amakhala akulowa chipinda ndi chipinda, kusuzumira kubafa, m'kabati, kunsi kwa bedi kumene mwana wamantha amabisala, n'kuika chizindikiro pachitseko kuti muno mulibe munthu. Gulu lina limapita ndi mipando yapadera kukanyamula oyendera njinga za olumala, omwe mayina awo tinalemba tsiku lokwera. Mndandanda ukasowa dzina limodzi, pali anthu amene alowe mu utsi kukamufuna munthuyo. Mlendo amene wapita pamalo a mnzake chifukwa ndi pafupi sadziwa kuti waika moyo wa wantchito pachiswe.

Chovuta kwambiri ndi makolo. Ana aang'ono timawamanga kalamba padzanja kolembedwa malo awo osonkhanira, ndipo huta ikalira ali kumalo osewerera, owasamalira ndi amene amabwera nawo. Mayi ndimawauza kuti, “Mayi, musapite kokamufuna, bwerani kuno, mwana akupezani pompano.” Ndimadziwa kuti ndikupempha chinthu cholemera kwambiri kwa kholo. Koma anthu mazana akamatsika masitepe, mmodzi wokwera mokakamira amaimitsa onse. Mawu amenewa sangamveke pa tsiku langozi ngati mayiyo sanayambe wandionapo. Amamveka ngati anaima pamaso panga tsiku loyamba, anandifunsa, ndinamuyankha, ndipo akudziwa nkhope yanga.

Ife antchito wamba timaphunzitsidwa kutsogolera khamu la anthu tisanapatsidwe setifiketi ya ogwira ntchito panyanja yotchedwa STCW, ndipo amene anaphunzirira ku South Africa sangalephere kumva za Oceanos. Sitimayi inachoka ku East London pa 3 August 1991 kulowera ku Durban, inayamba kulowa madzi pa namondwe kufupi ndi Coffee Bay, ndipo inamira tsiku lotsatira. Kaputeni ndi akuluakulu ena anachoka alendo ambiri akadali m'sitima. Amene anasonkhanitsa anthu anali asangalatsi: Lorraine Betts, woyang'anira zosangalatsa, ndi Moss Hills, woimba gitala wochokera ku Zimbabwe, pamodzi ndi mkazi wake Tracy. Hills ndi amene anaitana thandizo pa wailesi, n'kumamangirira anthu pa zingwe za mahelikopita a asilikali, omwe ananyamula oposa 200. Anthu onse 571 anapulumuka. Ndikamaphunzitsa wantchito watsopano amene akuti iye ndi wotsuka mbale chabe, ndimamuuza nkhani imeneyi.

Chichokereni mliri wa Covid-19, makampani ambiri anasintha kachitidwe. Mlendo amaonera kanema pa foni kapena pa TV ya m'chipinda, kenako amabwera yekha pa nthawi yake kudzadutsitsa khadi. Ubwino wake ndimauona. Agogo saimanso padzuwa theka la ola atapanikizana, ndipo ndimalankhula ndi banja limodzi pa nthawi, wamanyazi amafunsa momasuka. Koma pali chimene tataya, ndipo sindibisa. Kanema amatha kusewera munthu akulongedza zovala m'kabati. Ambiri amabwera pa chikepe, kuchokera kodyera, njira yochokera kuchipinda chawo osaiponda. Nafenso tataya: wantchito amene analembedwa zaka zaposachedwa sanaonepo anthu zikwi zitatu akutsika masitepe nthawi imodzi, sakudziwa pamene khamu limathinana, sakudziwa mmene mawu ake amamirira m'phokoso. Zimenezi sitingaziphunzire poyeserera tokhatokha m'sitima yopanda alendo.

Lamulo sindingalisinthe, koma pamalo panga ndili ndi kachitidwe kanga. Munthu akabweretsa khadi, ndisanalidutsitse ndimamufunsa kuti huta ilira kangati, ndipo wabwera njira iti. Akati pa chikepe, ndimamupempha mwaulemu kuti pobwerera adzere masitepe mpaka pakhomo pa chipinda chake. Ndimamupatsa jekete kuti avale yekha, ine n'kukoka lamba kuti amve mmene iyenera kuthinira. Ambiri amavomera. Amene sanabwere konse mayina awo amaitanidwa pa zokuzira mawu, kalata imalowa kunsi kwa chitseko chawo, ndipo timawayeseretsa paokha. Wokaniratu, kaputeni ali ndi mphamvu yomutsitsa padoko ndi katundu wake.