Valavu ya nambala 3

Beetle yabwinobwino imalongolola. Mukaima kumbuyo kwake, komwe kuli injini, mumamva ka "tiki-tiki" ka ma valavu. Ya a malume inasiya kulongolola patangotha miyezi iwiri chiitulutsireni ku galaja, ndipo iwo ankanyadira kuti ikuyenda mwaulemu ngati galimoto ya a bwana.

Ndi Volkswagen ya 1968, yochokera ku fakitale ya ku Uitenhage, ku South Africa, komwe anapanga ma Beetle mpaka 1979. Agogo anaisiya pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. A malume atapuma pantchito anathiramo gawo lalikulu la penshoni: penti, mipando, ma pisitoni atsopano. Ma valavu okha makaniko anati ngabwinobwino, angowapala n'kubwezeramo.

Apa mpomwe ndimakwiya. Injini imeneyi ilibe radiyeta, imazizira ndi mphepo ya fani. Pa ma Beetle akalewa, chozizitsira oyilo chinaikidwa panjira ya mphepo yopita ku silinda ya nambala 3, moti imalandira mphepo yotentha kale. Volkswagen inachisuntha mu 1971, koma ya agogo inali itabadwa kale. Valavu yotulutsa utsi imazizira makamaka ikatsekeka n'kukhudza mpando wake. Ikakalamba imatalika pang'onopang'ono, kampata ka 0.15 mm kamene kamayenera kutsala injini ikazizira kamatha, valavu siitsekekanso bwino, ndipo imayamba kupsa. Phokoso lija likatha, ndiye kuti kampatako katha. N'chifukwa chake odziwa amakayeza pa makilomita 5,000 aliwonse.

Inafera pa chitunda chochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, mu Okutobala, dzuwa lili pamutu. A malume akuti anangomva ngati wina waponya sipanala m'poto, kenako zii. Titatsegula tinapeza mutu wa valavu utaduka pakhosi. Unagwera m'silinda, pisitoni n'kuupondaponda mpaka kudzibowola yokha. Bowolo chala changa chachikulu chinalowa bwinobwino. Hedi inali zipserazipsera ngati yatafunidwa ndi fisi, ndipo tizitsulo tinali titayenda ndi oyilo mpaka pansi pa injini. Ndiye kuti zonse aphwasule, atsuke, ayambirenso.

Ma valavu anayi otulutsa utsi mtengo wake sufika pa wa pentiyo. Koma penti imaoneka. Anthu pa tchalitchi amaisisita, valavu palibe amaifunsa.

Azakhali akuti igulitsidwe, ndalama yotsalayo ipite ku malata a nyumba mvula isanayambe, ndipo sakulakwa. A malume sakuyankha. Pisitoni yobowoka ija aiika pa shelefu pafupi ndi wailesi, ndipo Loweruka lapitali anandituma ndifunse kwa anzanga a ku Johannesburg mtengo wa hedi, kuphatikiza ma valavu onse asanu ndi atatu.