Kamtambo ka pa kompyuta

Pakona ya kompyuta yanga pamakhala kamtambo. Ndi pulogalamu yolosera zanyengo: imandiuza za mvula, mphepo ndi kutentha kwa masiku 7 akubwerawa. Anzanga amandiseka, ati mlakatuli wasanduka mlauli.

Asiyeni aseke. Chichokereni mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula matope m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe, mvula ndidaleka kuiona ngati nkhani ya ndakatulo chabe.

Koma azakhali anga, omwe amakhala m'tsinde mwa phirilo, alibe kompyuta. Kamtambo kakada bii, ndimawaimbira foni: "Azakhali, lero mudzagone kuno." Amanyinyirika, ati ana amakono timaopa mitambo. Komabe chakumadzulo amatulukira, kachikwama kali m'manja.