Bwinja Lopanda Wotola Zipatso

Kwathu mudzi ukasamuka, malo otsalawo timawatcha bwinja. Bwinja la agogo anga ndikulikumbukira bwino: nyumba zidagwa kalekale, koma mitengo ya mango idatsala, ndipo Disembala aliyense tinkapita kukatola zakugwa. Amalume ankadzalapo maungu, ponena kuti nthaka yodya phulusa ndi ndowe sichititsa manyazi khasu. Motero kwa ine bwinja lidali malo opuma, odikira eni ake.

Tsiku lina, ndikuphunzitsa za mayina a malo, ndidatchula Chornobyl ya ku Ukraine. Wophunzira wina adakweza mkono nafunsa kuti, “Adokotala, kodi kumeneko tingati n'kubwinja?” Ndidavomera mopupuluma, koma funsolo lidanditsata mpaka kunyumba.

Usiku wa pa 26 Epulo 1986, ng'anjo yachinayi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya idaphulika pamene akatswiri ankaiyesa. Mawa lake masana mabasi adasamutsa anthu pafupifupi 49,000 a mumzinda wa Pripyat, womwe udamangidwa mu 1970 kuti muzikhala antchito a pamalopo. Adawauza kuti atenge tochepa, poti akabwerako pakatha masiku atatu. Pomwe chaka chinkatha, anthu pafupifupi 116,000 adali atachotsedwa, ambiri a iwo m'dera la makilomita 30 kuzungulira ng'anjoyo. Ng'anjo zina zidapitiriza ntchito, ndipo yomaliza idazimitsidwa pa 15 Disembala 2000. Mu 2016 chidenga chachitsulo chidakankhidwira pamwamba pa yophulika ija, koma mu Febuluwale 2025 ndege yankhondo yopanda munthu idachiboola.

Zonsezi zimapezeka m'mabuku. Chimene chimandigwira mtima ine ndi midzi. Nyumba zambiri za m'mudzi wa Kopachi zidagumulidwa ndi kukwiriridwa, chifukwa matabwa ndi madenga ake zidamwa cheza chakupha chosaoneka ndi maso. Ife timaika munthu m'manda, mudzi n'kutsala. Kumeneko adaika mudzi, anthu n'kutsala. M'tauni ya Chornobyl muli kanjira komwe adazikamo zikwangwani za midzi yosiyidwayo, ndipo dzina lililonse lili ndi mbali yodulidwa ndi mzere wofiira, monga chikwangwani chouza woyendetsa galimoto kuti watuluka m'mudzi.

Dzina loti Chornobyl lidalembedwa kale mu 1193. M'Chiyukireniya ndi dzina la chitsamba, mbale wake wa chija anzathu a kummwera amati umhlonyane kapena lengana, nachiwiritsa akadwala chifuwa. Dziko lidalidziwa m'katchulidwe ka Chirasha, Chernobyl, ndipo eni dziko amapempha kuti tizilemba monga alitchulira iwo. Chilembo chimodzi chokha, koma kumbuyo kwake kuli mlandu wakuti mwini tsokali ndani, ndipo woyenera kulifotokoza ndani.

Dera lonselo ndi gawo la Polissia, dziko la madambo ndi nkhalango, lomwe anthu ake ali ndi kayankhulidwe kawokawo. Osamutsidwawo adamwazidwa m'midzi ndi m'mizinda ina, ndipo ana awo adakula akumva mayankhulidwe a eni malowo. Chiyankhulo sichikhala m'kamwa mwa munthu mmodzi. Chimakhala pakati pa anansi. Mawu otchulira dambo lakuti, bowa wakuti kapena njira ya kuchitsime chakuti amafota ngati palibenso woyenda nawe wakuwamva. Anthu oposa 1,000, makamaka amayi okalamba, adabwerera mozemba kukakhala m'nyumba zawo. Ambiri adamwalira, napita nawo mawu omwe palibe adawalemba.

Apa ndi pomwe bwinja lathu lisiyanira ndi lawo. Mitengo ya maapozi imaberekabe, bowa amamerabe, mimbulu ndi akavalo am'tchire zikuswana, koma nthaka ili ndi poizoni. Mphamvu ya caesium-137 imachepa ndi theka pa zaka pafupifupi 30, pamene ya plutonium-239 imafuna zaka zoposa 24,000. Luso lolemba lili ndi zaka pafupifupi 5,000 chabe. Nanga chenjezo loti “musakumbe pano” tilisiye m'chiyankhulo chiti? Mu 1984 katswiri wa ziyankhulo ndi zizindikiro, Thomas Sebeok, polingalira za zinyalala za nyukiliya ku America, adapereka ganizo loti pakhale gulu lonkitsa chenjezolo ku mibadwo kudzera m'miyambo ndi nthano. Ambiri adaliona ngati lachilendo. Ine sindidadabwe nalo, popeza nkhalango ya kumanda kwathu ilibe mpanda kapena chikwangwani, koma palibe mwana amene amakatolako nkhuni. Komabe mwambo umakhala ndi moyo pomwe pali mudzi wouusunga, ndipo kuno mudzi ndiwo udachotsedwa.

Nkhondo ya 2022 isanafike, osamutsidwawo ankaloledwa kulowa m'deralo Pasaka ikapita, kukalambula manda a makolo awo. Ankadyera pamodzi pamandapo, naitanana ndi mayina akale, madzulo n'kukweranso basi.

Sabata yotsatira ndidamupeza wophunzira uja ndi kubweza yankho langa. Ndidamuuza kuti Chichewa chilibe mawu a malo otere, ndipo sindikufulumira kuwapeka. Iye adafunsa ngati si ntchito yathu kutero. Ndidati ndi yathu ndithu, koma mawu amabwera anthu akafuna kutchula chimene chawagwera, ndipo amenewa ndikadakonda adzukulu ake asadzawafune.