Uthenga wa Maliro a Nyenyezi

Pa 28 Malichi 2011, chombo cha Swift, chimene bungwe la NASA la ku America lidachiponya mumlengalenga m'chaka cha 2004, chidaona kuwala kwamphamvu zedi kukung'anima chakumbali ya nyenyezi za Draco. Poyamba akatswiri a zakuthambo sadatekeseke, pakuti kung'anima kotere kumaoneka kawirikawiri ndipo kumazilala patangotha masekondi kapena mphindi zochepa. Koma ulendo uno zinthu zidasiyana. Kuwalako kudabwereza kangapo m'masiku awiri, kenaka kudapitirira kwa miyezi yambirimbiri.

Akuluakulu adati utsi sufuka popanda moto. Akatswiriwo ataloza makina awo oonera kutali, adapeza kuti gwero la kuwalako lidali pakatikati pa mlalang'amba wina wakutali kwambiri. Pakati pa milalang'amba ikuluikulu pamakhala chinthu chimene pa Chingerezi amati black hole, kutanthauza dzenje lakuda. Chinthuchi n'cholemera koposa ndipo mphamvu yake yokoka ndi yoopsa, kotero kuti ngakhale kuwala kukalowamo sikutulukanso. Dzenje la mumlalang'amba wathu uno limalemera ngati madzuwa 4 miliyoni.

Nanga chinthu chakuda bii chingawale bwanji? Yankho lake lidakonzedwa kale. M'chaka cha 1988, Martin Rees wa ku Cambridge adafotokoza zimene zingachitike nyenyezi itayandikitsa dzenje lotere. Mbali imene yayang'ana kudzenjeko imakokedwa kwambiri kuposa mbali inayo, ndipo nyenyeziyo imanyotsoka ngati nsanza. Pafupifupi theka la zidutswa zake limatayika, pamene theka linalo limazungulira dzenjelo, n'kutentha koopsa lisanamezedwe. Izi ndizo akatswiri ambiri adagwirizana kuti zidachitika. Chachilendo chidali chakuti dzenjelo lidalavula mkokomo wa mpweya wamoto wothamanga pafupifupi ngati kuwala, ndipo mkokomowo udalunjika kuno kwathu. Mu Ogasiti 2012 kuwalako kudatsika mwadzidzidzi.

Chopatsa maganizo n'chakuti maliro amenewa ndi akalekale. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi, komabe uthengawu udatenga zaka pafupifupi 3.8 biliyoni panjira. Pamene unkanyamuka, padziko lapansi padalibe munthu, mtengo kapena nsomba. Ukadafika zaka 50 m'mbuyomo, ukadangodutsa popanda woulandira, poti makina ouonera padalibe.

Apa ndiye pagona phunziro. Rees adalemba za chinthu chimene diso lake lidali lisanachione. Amisiri adatha zaka akukonza chombo asakudziwa tsiku limene mlendo wotere adzafike. Mlendoyo atagogoda, adapeza anthu ali tcheru, ndipo adamzindikira chifukwa adali ataphunzira za iye. Nzeru imafika kwa okhawo amene aikonzekera modekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.