Luso la Kudula Mapepala Pokumbukira Masiku a Fuko ku United States

M'dziko la United States muli luso la manja lomwe limachitikira m'nyumba za anthu, makamaka pakati pa amayi, la kusunga zithunzi za banja m'mabuku okongoletsedwa ndi mapepala odulidwa bwino komanso kupanga makhadi otumizirana mafuno. Buku lotere, lomwe eni ake amalitcha scrapbook, limasiyana ndi buku wamba la zithunzi chifukwa tsamba lililonse limakonzedwa kuti lifotokoze nkhani imodzi, ndipo pambali pa chithunzi pamaikidwa mutu, tsiku, mawu olembedwa pamanja ndi tizinthu tachikumbutso monga tikiti kapena kalata. Masamba ndi makhadi ambiri amakhudza masiku a fuko, pamene mabanja amakumbukira ufulu wa dziko lawo ndi ana awo amene analowa usilikali. Mmisiri wokhwima pa ntchitoyi amadziwa kuti makina odulira mapepala afewetsa kudula kwenikweniko, koma asiya m'manja mwake udindo wonse wosankha chimene chiyenera kulowa patsamba ndi chimene chiyenera kutsala pathebulo.

Chizolowezi chomata zikumbutso m'buku ndi chakale, moti wolemba mabuku Mark Twain analembetsa kuboma m'chaka cha 1873 buku lake lokhala ndi masamba opakidwa kale guluu, lomwe linagulidwa kwambiri. Komabe luso lamakonoli linakulira m'chigawo cha Utah, kumene mpingo wa Church of Jesus Christ of Latter-day Saints umalimbikitsa anthu ake kusunga mbiri ya makolo. Kumeneko Marielen Christensen anaonetsa mabuku a banja lake pamsonkhano wa zosunga mbiri mumzinda wa Salt Lake City m'chaka cha 1980, ndipo chaka chotsatira anatsegula sitolo ya zipangizo za ntchitoyi m'tauni ya Spanish Fork. Makina odulira nawo anabwera kudzera m'sukulu, pakuti kampani ya Ellison inayamba m'chaka cha 1977 kupanga makina othandiza aphunzitsi kudula zilembo zomata pakhoma la kalasi, kenaka m'chaka cha 2001 inatulutsa makina ang'onoang'ono a Sizzix ogwiritsa ntchito pakhomo. Patapita zaka zochepa kampani ya Provo Craft ya ku Utah komweko inatulutsa Cricut, makina oyendera magetsi, ndipo kuyambira pamenepo amisiri akhala ndi njira ziwiri zodulira.

Njira yoyamba imadalira chikombole chodulira, chomwe ndi chitsulo chopindidwa kapena chosemedwa m'maonekedwe a chinthu chofunikacho, kaya nyenyezi, chilembo kapena duwa, ndipo monga chikombole cha njerwa chimatulutsa njerwa zofanana tsiku lonse, ichinso chimatulutsa nyenyezi zosasiyana ngakhale pang'ono. Zikombole zina ndi zochindikala, zokhala ndi mpeni wachitsulo wozikidwa m'thabwa ndi kuzunguliridwa ndi siponji yomwe imakankha pepala likadulidwa, ndipo zimenezi zimatha kudula nsalu, katoni ndi mapepala angapo nthawi imodzi. Zina ndi zopyapyala, zokhala ndi kamzere kotukuka m'malo mwa mpeni wakuthwa, ndipo zimadula pepala limodzi lokha koma zimatulutsa tizinthu tating'ono kwambiri. Mmisiri amaika chikombole ndi pepala pakati pa timatabwa tiwiri tapulasitiki, n'kuzunguza chogwirira cha makina kuti zonsezi zidutse pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira zomwe zimapanikiza mwamphamvu. Kulira kwa timatabwa tikamadutsa sikuopsa munthu wozolowera, koma iye amatitembenuza kawirikawiri kuti tisapindike, ndipo ngati mbali ina ya nyenyezi yakana kuduka amawonjezera kapepala kamodzi pansi kuti mphamvu ifike paliponse mofanana.

Njira yachiwiri sifuna chikombole, chifukwa chithunzi chodulidwacho chimakonzedwa pakompyuta kapena pafoni, pepala limamatidwa pamphasa yapulasitiki yonata, ndipo kampeni kakang'ono kamayenda pamwamba pake motsatira mizere yomwe kalamulidwa. Ubwino wake ndi wakuti kukula kwa chinthu kumasinthidwa mwakufuna, kotero dzina la msilikali, chaka kapena mapu a chigawo chimene banja limakhala akhoza kudulidwa popanda kugula chitsulo chatsopano. Vuto lake limaonekera pa nyenyezi yansonga zisanu, yomwe ndi chizindikiro chachikulu cha masamba a fuko, pakuti kampeni kamakoka pepala kakamakhota pansonga, ndipo ngati nyenyezi ili yaing'ono, mphasa yatha kunata kapena mpeni wabuntha, nsongazo zimang'ambika kapena kupindika. Pa chifukwa chimenechi amisiri ambiri amasunga makina a mitundu yonse iwiri, amagetsi odulira mitu ndi mayina, ndi apamanja odulira tinyenyezi, popeza chikombole chimatsikira papepala molunjika osalikoka.

Pepala lenilenilo limasankhidwa mosamala chifukwa buku la zikumbutso limakonzedwa kuti lidzafike kwa adzukulu. Pepala lokhala ndi asidi kapena lignin, chinthu chopezeka mumtengo chimene chimachititsa nyuzipepala yakale kusanduka yachikasu ndi kufumbutuka, limawononga chithunzi chimene lagundana nacho, kotero mmisiri amagula mapepala ndi guluu olembedwa kuti alibe zinthu zimenezi, ndipo nkhani yodulidwa m'nyuzipepala amaikopera papepala labwino m'malo momata yeniyeniyo pafupi ndi chithunzi. Amayang'ananso m'mphepete mwa pepala lofiira ndi labuluu kuti aone ngati mtundu walowerera mpaka m'kati, chifukwa pepala lopakidwa pamwamba pokha limaonetsa mzere woyera paliponse pamene mpeni wadutsa. Tsamba lozolowereka ndi lalikulu mainchesi 12 mbali zonse, omwe ndi masentimita pafupifupi 30, ndipo likatha limalowetsedwa m'thumba lapulasitiki loonekera, chimene chimaletsa mmisiri kusanjikiza zokongoletsa zambiri zotukuka.

Mbendera ya dzikolo ili ndi nyenyezi 50 zoimira zigawo zake ndi mizere 13 yoimira madera amene analengeza ufulu m'chaka cha 1776, ndipo mwa mizereyi 7 ndi yofiira pamene 6 ndi yoyera, wapamwamba ndi wapansi uli wofiira. Nyenyezi zimasanjidwa m'mizere 9 yosinthana, wina wa nyenyezi 6 ndi wina wa nyenyezi 5, monga zakhalira kuyambira pa 4 Julaye 1960 Hawaii atalowa m'chitaganya. Mmisiri wolemekeza mbendera sayerekeza kuipanga mwachisawawa, ndipo amasankha chimodzi mwa ziwiri: kuipanga yonse molondola, kapena kungotengako mitundu yake ndi nyenyezi zochepa m'njira yoti aliyense aone kuti si mbendera. Malamulo a kasamalidwe ka mbendera, omwe nyumba ya malamulo ya Congress inavomereza m'chaka cha 1942, ngakhale sapereka chilango kwa munthu wamba, amanena kuti mbendera ikapachikidwa pakhoma gawo labuluu likhale pamwamba kumanzere kwa woyang'ana, kuti nsalu zokongoletsa zisanjidwe ndi buluu pamwamba, zoyera pakati ndi zofiira pansi, ndiponso kuti mbendera isadindidwe pa zinthu zogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Amisiri ambiri amatsatira zimenezi ngakhale papepala, ndipo mfundo yomalizayi ndi imene imachititsa ena kusaika mbendera yathunthu pakhadi limene mwina lidzatayidwa sabata ikatha.

Nzeru yaikulu ya ntchitoyi ili pa kusiyanitsa masiku, chifukwa mitundu itatu yomweyo imatumikira chisangalalo, chiyamiko ndi chisoni. Tsiku la ufulu, pa 4 Julaye, ndi la maperete, nyama yootcha ndi makombola owala usiku, kotero tsamba lake limalola mitundu yowala, nyenyezi zomwazika ndi timizere topyapyala tofalikira mbali zonse toimira kuphulika kwa makombola. Tsiku la Veterans Day, pa 11 Novembala, lomwe linayamba ngati chikumbutso cha kutha kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse m'chaka cha 1918 ndipo linapatsidwa dzina limeneli m'chaka cha 1954, ndi lothokoza onse amene anatumikira m'gulu la asilikali, makamaka amoyo. Koma Memorial Day, Lolemba lomaliza la Meyi, ndi tsiku lolira amene anafera pa ntchito ya usilikali, ndipo linayamba nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo itatha pamene anthu ankaika maluwa pamanda a asilikali. Patsamba la tsikuli mmisiri amatsitsa mitundu, kufiira kumakhala koderako, buluu amayandikira kukuda, kuyera kumalowedwa m'malo ndi pepala lotuwira, ndipo chokongoletsa chimodzi chokha, monga duwa lofiira la poppy lomwe limaimira okufa kunkhondo, chimakwanira. Nyenyezi yagolide saigwiritsa ntchito ngati chokometsera wamba, pakuti kuyambira nthawi ya nkhondo yoyamba ija nyenyezi yabuluu pazenera imatanthauza kuti banja lili ndi mwana kunkhondo, ndipo yagolide imatanthauza kuti mwanayo sadzabweranso.

Pokonza tsamba, chithunzi ndicho chimaikidwa poyamba ndipo zina zonse zimachitsatira. Mmisiri amachiyala papepala lokulirapo pang'ono kuti chikhale ndi mpendero, amasankha malo a mutu ndi a mawu olemba, ndipo amayala zodulidwa zonse popanda guluu, n'kumazisuntha mpaka diso la woyang'ana liziyamba kugwera pankhope ya munthu. Yesero lalikulu limachokera ku makina omwewo, chifukwa munthu amene wadula nyenyezi makumi angapo m'mphindi zochepa amamva chisoni kuzisiya, koma tsamba lodzaza nyenyezi limameza msilikali wachinyamata amene ali pakati pake. Zotsala zimasungidwa m'maenvulopu molingana ndi mtundu, ndipo ngakhale pepala lomwe latsala ndi mabowo a nyenyezi limagwira ntchito likayalidwa pamwamba pa pepala la mtundu wina. Mawu olembedwa pamanja, onena dzina, gulu limene munthuyo anatumikira, malo ndi chaka, ndiwo gawo lokhalo limene makina sangathe kupereka, ndipo ndiwo amene adzukulu adzawafunafuna pamene onse odziwa nkhope za m'chithunzi atapita.

Khadi limatsata mfundo zomwezo pamalo ochepa. Kukula kozolowereka ndi mainchesi 4.25 m'lifupi ndi 5.5 m'litali, chifukwa pepala limodzi la makalata la ku America likadulidwa pakati limatulutsa makhadi awiri opinda, ndipo mmisiri amayamba wakanda mzere ndi kachida kosalala asanapinde kuti pepala lochindikala lisasweke pamsana. Makhadi ambiri a mtundu umenewu sapita kwa achibale koma kwa anthu osawadziwa, monga asilikali amene ali kunja kwa dziko, odwala m'zipatala za asilikali opuma, ndi okalamba amene bungwe la Honor Flight limawatengera ku Washington kukaona zipilala zachikumbutso za nkhondo zimene anamenya, omwe amapatsidwa makalata othokoza paulendo wobwerera. Magulu otumiza makhadi kwa asilikali a kunkhondo akhala akuletsa tinyenyeswa tonyezimira, chifukwa timakakamira pa yunifolomu ndipo tikhoza kuonetsa msilikali pamene ayenera kubisala. Ena amatumiza makhadi osalembedwa m'kati kuti msilikali yemweyo alembere mkazi wake kapena mwana wake, ndipo pamenepo mmisiri amapanga khadi la tsiku lobadwa kapena la chikondi m'malo mwa la mbendera, pozindikira kuti munthu amene ali kutali amasowa kwawo kuposa zizindikiro za dziko.

Ntchito imeneyi imayesedwa ndi mmene imachitira ndi munthu amene tsamba kapena khadi likunena za iye. Makina a masiku ano amadula mwaukhondo kuposa dzanja lililonse, ndipo wophunzira akhoza kuwadziwa m'masabata ochepa, koma kudziwa mtundu woyenera tsiku lachisoni, kusiya nyenyezi yagolide kwa mabanja amene ili yawo, ndi kulemba dzina ndi chaka molondola kumafuna munthu wodziwa mbiri ya dziko ndi ya banja limene akulitumikira. Chifukwa chake mmisiri wabwino amafunsa kaye kuti munthu wa m'chithunzi anali ndani, anatumikira kuti ndipo anabwerera kapena ayi, ndipo amasankha chikombole mayankho amenewa atapezeka.