Khola la Galu Si Bokosi la Tomato

Sabata yatha mayi wina wa ku Tlhabane anafika pa shedi yanga ndi khola la galu kumbuyo kwa bakkie, akuti ndilikonze pang'ono chabe. Analigula m'mbali mwa msewu pa theka la mtengo wanga. Nditalowetsa mkono m'kati, ndinautulutsa uli ndi magazi. Misomali inali itatulukira ngati minga ya kankhande, pansi pake panali thabwa logona padothi penipeni, ndipo matabwa onse anali obiriwira aja amankhwala. Ndinati, "Mayi, ichi sichikonzeka. Ndikanati mukasonkhere moto, koma utsi wakenso ndi poizoni." Anakwiya. Ine ndinakwiya kuposa iwo, pakuti anyamata okhoma zinthu zotere nawonso amadzitcha akalipentala.

Ndine kalipentala wa ku Ndirande, ndipo kuno ku Rustenburg ndakhalako zaka zoposa khumi ndi zisanu. Sindinabwerere agalu ayi. Ndinkapanga zitseko, mabedi ndi makabati a anthu ogwira ntchito m'migodi ya platinum, a ku Boitekong, ku Freedom Park mpaka ku Wonderkop. Kenako kunabwera sitalaka ya 2014, imene inayamba mu Januwale n'kutha mu Juni, ku Lonmin, ku Impala ndi ku Amplats. Miyezi isanu anthu osalandira kanthu! Ndani angagule kabati m'nyumba mulibe ufa? Ambiri anatseka mikhukhu yawo n'kupita kwawo ku Eastern Cape, ku Lesotho kapena ku Mozambique, ndipo galu sakwera basi. Ndinkawaona agaluwo akuzungulira pamadzala, nthiti zikuwerengeka. Nthawi imeneyo ndi pomwe gogo wina wachizungu amene ndinamukonzera geti anandifunsa ngati ndingathe kupanga makola asanu. Anali m'gulu la anthu otola agalu osokera n'kumawalera pakhomo pawo mpaka atapezeka wowatenga. Ndinavomera chifukwa cha njala, osati chikondi. Kwathu galu amagona paphulusa kuseri kwa khitchini, ndipo palibe anadandaulapo.

Za kudula matabwa ndi kukhoma felemu sinditayirapo nthawi, aliyense wodziwa kugwira sowo amatha. Muyeso nawo ndi wapafupi: galu aime osagunda mutu, atembenuke, agone chotambalala, basi. Makasitomala amafuna lalikulu ngati holo poganiza kuti akumukomera mtima galuyo, osadziwa kuti chimatenthetsa khola ndi thupi la galu mwini. Usiku wa mu Julaye kuno madzi amaundana m'mbale. Galu wamng'ono m'khola lalikulu amachezera kunjenjemera.

Nkhani yeniyeni ili pa thabwa. Ine ndimagwiritsa ntchito mapaleti, aja amanyamulira katundu m'mafakitale, koma si paleti iliyonse. Yang'anani chidindo chowotchedwa m'mbali mwake. Mukaona zilembo za HT, ndiye kuti thabwalo linangotenthedwa mpaka pakati pake pafika madigiri 56 kwa mphindi 30 kuti tizilombo tife, popanda mankhwala. Limenelo ndiye langa. Mukaona MB, lisiyeni pomwepo, linafukizidwa ndi mpweya wa methyl bromide. Mapaleti opakidwa buluu ndi a kampani ya CHEP, amangobwereketsa, ndipo ukapezeka ukuwaphwasula uyankha mlandu wakuba. Ndiye pali matabwa obiriwira aja amati CCA, omwe muli arsenic, ndi mitengo yakuda yonunkha creosote. N'zabwino pa mpanda, koma mwana wagalu amene mano akumuyabwa amatafuna chilichonse, kuyambira pa khomo la khola lake lomwe. Ngakhale paleti ya HT ndimayamba ndainunkhiza. Kuno ndi kumigodi, sudziwa kuti inanyamula migolo ya chiyani. Ikakhala ndi banga la mafuta kapena ufa woyera wosadziwika, ndimaibweza ngakhale akundipatsa yaulere.

Kuphwasula paleti ndi pomwe pamaonekera mmisiri. Misomali yake ndi yopotana, siizuka. Anyamata apamsewu amalowetsa chitsulo n'kukanula, thabwa n'kung'ambika kumapeto, iwo n'kulikhoma choncho. Ine ndimatsegula kampata pang'ono, ndimalowetsa sowo ya zitsulo n'kudula msomali pakati pa matabwa awiriwo, kenako mitu ija ndimaigogoda chakumbuyo umodziumodzi. Paleti imodzi imandidyera pafupifupi ola. Ukaiwala kachidutswa kamodzi kokha, mpeni wa puleni umabenthuka, ndipo tsiku lonse umathera pa mwala wonolera. Koma paini wa paleti akapalidwa, abale! Amayera, amanunkhira utomoni, amandikumbutsa matabwa a ku Chikangawa omwe ankabwera pa malole ku Blantyre ndili mnyamata.

Amene anandiphunzitsa kupala ndi atsibweni anga, achimwene awo a mayi. Anali ndi shedi ya malata akale kumunsi kwa msika wa Ndirande, ndipo zaka zimene ndinalowa ine, ntchito yaikulu inali mabokosi a maliro. Inali nthawi ija Edzi inkatha anthu mankhwala asanabwere. Chaka choyamba chonse sanandilole kugwira puleni. Ntchito yanga inali kusesa utuchi, kuwongola misomali yakale pa chidutswa cha njanji ndi kuwagulira mbatata yootcha. Tsiku lomwe anandipatsa bokosi langa loyamba, la mwana, ndinalimaliza mwachangu n'kulipaka vanishi mpaka kunyezimira. Iwo sanayang'ane n'komwe kunja kwake. Anatsegula, anatseka maso, n'kuyendetsa chikhatho m'kati monse. Chala chawo chinaima pa kansonga ka msomali. "Mphwanga," anatero, "ugonamo ndiwe?" Ndinati ayi. "Nanga wogonamoyo akadandaula kwa yani?" Anandiphwasulitsa lonse, anamfedwa akudikira panja, ndipo madzulo ake nsima sinatsike.

Anali munthu wovuta, wosayamika. Ukachita bwino ankangoti "eya" n'kutembenuka. Anali ndi kachidutswa ka mkungudza wa ku Mulanje kamene ankasunga m'bokosi la zida, sikankagwira ntchito iliyonse, ankangokanunkhiza akatopa. Ankati mtengo umenewo chiswe chimaupatsa ulemu. Mlombwa ankautchula ngati akutchula mfumu, ndipo munthu wobwera kudzafuna chitseko cha mlombwa pa mtengo wa bulugama ankamuperekeza mpaka pamsewu osanena kanthu. Anamwalira ndili kale kuno ku Joni, mapepala anga asanalongosoke, ndipo sindinapite kumaliro. Sikweya yomwe ndimagwiritsa ntchito lero ndi yawo, inabwera pa basi m'thumba la ufa. Akanamva kuti mphwawo amamangira agalu nyumba akanaseka mpaka kutsokomola, koma akanalowetsa chikhatho m'kati, ndikudziwa.

Tibwerere ku khola. Malo ovuta kuposa onse ndi pansi pake. Dothi la madera ambiri kuno, makamaka cha ku Marikana ndi Kroondal, ndi lakuda lomata, lofanana ndi makande a kwathu ku Chigwa cha Shire. Dzinja limasunga madzi, chilimwe limang'aluka. Khola logona padothi lotere limawola mvula imodzi yokha. Choncho ndimalikweza pa miyendo kapena pa njerwa, masentimita khumi, kuti mphepo izidutsa kunsi. Koma kukweza n'kosavuta. Chovuta ndi mipata ya pakati pa matabwa. Nkhupakupa yofiirira ija ya agalu sikhalitsa pa galu. Ikakhuta imagwa, imakwawira mumng'alu wa thabwa n'kuikira mazira zikwizikwi. Utitiri nawo umaswana mu fumbi la m'mipata momwemo. Mutha kumusambitsa galu ndi mankhwala odula sabata iliyonse, koma ngati khola lili ndi ming'alu, usiku akubwerera ku chisa cha adani ake. Kuno matenda a nkhupakupa, omwe amati biliary, amapha agalu kwambiri: galu amangofooka, nkhama n'kuyera, akachedwa naye kwa dokotala basi.

Ndiye thabwa lililonse la pansi ndi la m'mbali ndimalisema m'mphepete, theka la kunenepa kwake, kuti likwere pa linzake ngati mamba a nsomba. Paini akauma amafota, ndipo matabwa ongogundanitsa amasiya mpata woti n'kulowa ndalama yachitsulo. Okwerana aja akafota, mpata suboola. Ndimayamba ndawaumitsa pamthunzi milungu iwiri, ndipo m'makona ndimamata kuti pasakhale pobisala kanthu. Pansi ndimapendeketsa pang'ono kulozera ku khomo, kuti mwini akathira madzi otsukira azituluka okha. Misomali sindigwiritsa ntchito m'kati, ndi masikuluwu okha, olowera kunja, mitu yake yomira. Khomo ndimaliika chakumbali, osati pakati ngati pa zithunzi za m'mabuku a ana, kuti galu akhale ndi kona yobisala mphepo. Ndipo ndimawauza eni ake kuti liyang'ane kumpoto kapena kum'mawa, kumene dzuwa la m'nyengo yozizira limafikira. Theka la iwo amaliyang'anitsa ku geti kuti lizioneka bwino.

Denga ndi la malata, koma kunsi kwake ndimaika thabwa n'kusiya mpata wa mpweya, apo ayi mu Disembala galu mwamuika mu uvuni. Limatseguka pa mahinjesi. Za makola apulasitiki a m'masitolo ndingonena kuti amatsukika bwino, zimenezo ndivomera. Koma aikeni padzuwa la kuno zaka ziwiri muone mmene amaphwanyikira ngati chigoba cha dzira.

Ntchito yanga yambiri imachokera kwa anthu otenga agalu kumalo osungirako nyama zosowa mwini. Ku SPCA sungangoloza galu n'kumunyamula ngati nkhuku ya pamsika. Amabwera kudzaona pakhomo pako, ngati pali mpanda ndi pogona, ndipo galuyo amatuluka atalandira katemera ndiponso atamutseka kuti asabereke. Dziko lino lili ndi lamulo la 1962 loteteza nyama, limene limati kumanga chiweto pa unyolo popanda chifukwa, kapena kuchisunga popanda pobisalira dzuwa ndi chisanu, ndi mlandu. Ndiye munthu amandiimbira Lachitatu kuti oyendera akubwera Lachisanu, akufuna khola mawa. Ndikamuuza kuti guluu sauma ndi mapemphero, amati ndine wamwano. Ndikatchula mtengo, amati, "Koma mapaleti si aulere?" Aulere! Nanga bakkie yowanyamula, masikuluwu, malata, lendi ya shedi, masiku anga atatu? Munthu yemweyo wagula thumba la chakudya cha galu lodula kuposa ufa wa banja langa wa mwezi wonse. Abale anga a ku Malawi ndiye amaposa. Amayamba ndi "achimwene, ife ndi amodzi," amathera pa "ndikupatsani kumapeto kwa mwezi." Mwezi wake sanena.

Amene sindiwawerengera kwambiri ndi amayi olera ana agalu otoledwa. Amadzuka usiku kuwamwetsa mkaka wa m'botolo, akakula n'kuwapereka kwa ena, iwo n'kutsala akulira. Amenewa ndimawapangira timabokosi tosaya ndi zotsala za matabwa. Ndalama zoyendetsera zonsezi amazipeza movutikira: kuwotcha boerewors Loweruka pakhomo pa sitolo, kugulitsa zovala zakale ngati kaunjika, mipikisano ya matikiti. Zimandikumbutsa Pepa Sande ya kutchalitchi kwathu pomanga nyumba ya abusa. Chaka chilichonse ndimapereka khola limodzi kuti alichitire mpikisano, ndipo kunena zoona limandibweretsera makasitomala, musandiyese woyera mtima. Mitengo ya platinum ndi palladium itagwa mu 2023 migodi n'kuyamba kuchotsa anthu, amayi aja anandiuza kuti agalu obwezedwa achuluka pomwe zopereka zachepa. Ine ndinazionera pa maoda anga.

Chimene chimandipweteka ndi 18 Julaye, tsiku la Mandela, pomwe makampani amatumiza antchito awo kukathandiza kwa mphindi 67. Chaka china gulu lina linafika kwa gogo uja ndi zitini za penti wa mafuta wotsala ku ofesi kwawo. Anapaka makola anga asanu aja kunja ndi m'kati momwe, mahinjesi n'kumatirira, anajambulitsa zithunzi, n'kumapita. Agalu anakana kulowamo chifukwa cha fungo, pakati pa chisanu. Ndinatha masiku anayi ndikupala pentiyo, popanda wondilipira. M'kati mwa khola simupakidwa kanthu. Kunja kokha, ndi penti wamadzi.

Ndikapita kumudzi amandifunsa ngati n'zoona kuti ndimadyera agalu. Ndimati inde, ndipo malata a nyumba ya mayi anagula ndi agalu omwewo. Kwathunso zinthu zikusuntha: ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA, ndipo ku Blantyre a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera wa chiwewe kuyambira 2015. Mwana wa mlongo wanga ku Ndirande wayamba kupala, ndamutumizira miyeso pa WhatsApp, ngakhale akuti kumeneko wogula khola la galu sanamuonebe.

Mayi wa ku Tlhabane uja anabweranso Lolemba, mkwiyo utaphwa, n'kusiya theka la ndalama. Khola lake ndimaliza Loweruka. Inu mukafuna lanu, musanditumizire chithunzi cha galu pa foni. Tengani chingwe, muyeze kuchokera pamphuno kufika potulukira mchira, ndiponso kuchokera pansi kufika pamutu ataima, mumange mfundo ziwiri, mubwere nacho chingwecho.