Ndalama ya nkhope zitatu

Asibweni anga anabwerako ku migodi ya ku Kitwe mu 1974, nyengo yokolola. Anadzera ku Lundazi, n'kutsika basi pa Jenda, ndipo ine ndinatumidwa kukawachingamira ndi ngolo. Mwa katundu yense, anakana kuti ndigwire kabokosi kamodzi. Anakafukata okha ngati khanda mpaka kumudzi kwathu, kufupi ndi Embangweni.

M'kabokosimo munali galamafoni ya mabatire ndi zimbale zingapo. Chimodzi chinatidabwitsa tisanachimve n'komwe. Chikuto chake chinali chozungulira, chonyezimira ngati siliva, chokhala ndi nkhope za amuna atatu a tsitsi lalitali. Ife tinali titangozolowera matambala amene anabwera mu 1971, a nkhope ya Kamuzu, ndiye tinachitcha ndalama ya nkhope zitatu. Dzina lake lenileni ndi E Pluribus Funk, chimbale cha gulu la Grand Funk Railroad la ku Flint, ku Michigan, chomwe chinatuluka chaka chomwecho cha 1971. Nkhopezo zinali za Mark Farner, Don Brewer ndi Mel Schacher. Popeza masiku amenewo tsitsi lotere linali loletsedwa kwa mwamuna m'dziko muno, chikutocho chinkagona pansi pa mphasa.

Singano itangokhudza mbale, nkhuku zinabalalika. Gitala inalira ngati chitsulo chikunoledwa pamwala, ng'oma zikugunda mosapumira. Agogo aakazi anasiya kupeta, n'kumvetsera kanthawi, kenako anati: "Ivi ni vimbuza vya ŵazungu. Mulwali walinkhu?" Tinaseka mpaka kugwira nthiti. Koma phazi lawo linali likugunda pansi, monga amachitira amuna pa ingoma ku Edingeni.

Mabatire ndiwo anali vuto. Akafooka, woyimba ankakoka mawu ngati munthu woledzera. Tinkawayanika padzuwa kuti atipatseko nyimbo imodzi, ndipo akatheratu ndinkapalasa njinga mpaka pa boma la Mzimba kukagula ena, n'kubwerako dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu.

Panapita nthawi kuti ndizindikire chimene asibweni ankakondera phokoso limeneli. Makina oboola miyala anawagonthetsa makutu. Ukawalankhula ankayang'ana milomo yako. Nyimbo zofatsa za pa wayilesi ya MBC zinkawadutsa. Koma chimbale ichi ankachimva. Ankaika chikhatho pabokosi, n'kutsinzina, n'kumwetulira.

Mu 1977 mnzawo anawabweretsera chimbale cha Ngozi Family chotchedwa 45,000 Volts. Gitala yake inali yaukali womwewo, koma apa ndi apo mawu anali a Chinyanja. Asibweni atamva kuti Paul Ngozi dzina la makolo ake ndi Nyirongo, anauza aliyense kuti ameneyo ndi mwana wakwathu, ngakhale sanamuonepo. Kuyambira pamenepo azungu atatu aja anayamba kupuma.

Asibweni anatisiya kalekale, galamafoni nayo inafa. Mbale ya nkhope zitatu ija inapindika ndi dzuwa, ana n'kuisandutsa chiwongolero cha galimoto ya mawaya. Chikuto chokha ndinasunga. Tsiku lina mdzukulu wanga anazipeza nyimbozo pa foni, n'kundiika timawaya m'makutu. Zinamveka bwino kuposa kale, popanda kukanda kwa singano. Ndinamuuza kuti achotse timawayato, akweze mawu, aike foniyo patebulo. Kenako ndinaika chikhatho pathabwa.